Ludzu la pa Chilwa: mbiri ya mowa kuchokera Ku Chawe mpaka pa Kachulu

Kumaiko a anzathu olemera kuli kamtsutso kamene sikazizira. Akuti munthu ukaswera pamadzi tsiku lathunthu, kuthamanga pa boti la injini kapena kukokedwa pambuyo pake utaima pa kathabwa, kodi ndi mowa uti woyenera kutsitsira kukhosi dzuwa likapendeka? Ena amati wopepuka, ena amati wowawirapo, bola ukhale wozizira. Kwathu kuno masewera otero mungawaone kumahotela a m'mbali mwa nyanja ya Malawi, cha ku Mangochi uko, ndipo ochita ake ambiri ndi alendo ndi anthu opata. Koma funsolo palokha si lachilendo ayi. Ife a ku Zomba takhala tikuliyankha kwa zaka zoposa 100, kungoti yankho lathu silinkachokera kukhosi kokha. Linkachokeranso ku Boma, kupolisi, m'thumba, mwinanso ku mitambo ya mvula.

Kuti timvane bwino, awerengi, tiyeni titsate madzi. Mtsinje wa Mulunguzi umayambira pamwamba pa phiri la Zomba, limene nsonga yake ya Malumbe imapitirira mamita 2,000. Umatsika ndi mathithi, kudutsa m'tauni, n'kukathira mu Likangala, ndipo Likangala amakathira m'nyanja ya Chilwa, makilomita ngati 30 kum'mawa kwa tauni. Chilwa alibe potulukira. Madzi akalowamo, wowatulutsa ndi dzuwa basi. Ndiye kuti dontho limene mlendo amaliona likugwa pa Williams Falls ndi lomwelo limene tsiku lina lidzanyamule bwato la msodzi wa pa Kachulu. Madzi ndi amodzi, koma zimene anthu akhala akumwa akachoka pamadziwo, kumtunda ndi kumunsi, zakhala zosiyana ngati usana ndi usiku. Kusiyana kumeneku kuli ndi mbiri yake.

David Livingstone ndi John Kirk anafika pa Chilwa mu April 1859. M'buku limene linatuluka mu 1865 lofotokoza za ulendo wa ku Zambezi, Livingstone anadandaula kuti Amang'anja amafulula mowa wambiri ndipo amaumwa mosaleza. Koma iye yemwe anaona chifukwa chake: mowa wathu unalibe mankhwala ousungira, choncho ukapsa umayenera kutha m'masiku ochepa usanasase. Kafululidwe kake sikanasinthe kwenikweni mpaka lero. Mayi amanyika mawere, mapira kapena chimanga m'madzi, n'kuvundikira mpaka zitamera. Chimenecho ndiye chimera. Akachiyanika ndi kuchisinja, amachithira m'phala la ufa, ndipo chimeracho chimasandutsa phala lija kukhala lotsekemera. Mukamwa pamenepo, mwamwa thobwa. Mukalisiya m'mbiya masiku angapo kuti liwire, kutsekemera kuja kumasanduka ukali, ndipo mwapeza masese.

Mowa wosasungika sumwedwa ndi munthu mmodzi. Apa ndiye panagona mphamvu yake. Mbiya ikapsa umayenera kuitana anthu, ndipo anthu sabwera chimanjamanja: amabwera ndi makasu kudzalima dima, ndi nkhwangwa kudzamanga nyumba, ndi zingwe kudzakoka bwato latsopano kuchokera kumene lasemedwa mpaka kudooko. Mowa unali malipiro, unali chakudya, unalinso pemphero, pakuti pothira nsembe yopempha mvula sipankasowa kachikho. Kuchigwa cha Chilwa kunakumana mitundu itatu, ndipo uliwonse unali ndi dzina lake la chinthu chimodzimodzicho. Anyanja ankati mowa. Ayao, amene anakhazikika kuno chapakati pa zaka za m'ma 1800, ankati ukana. Alomwe, amene anayamba kuwoloka ambiri kuchokera ku Mozambique chakumapeto kwa zaka zomwezo, ankati otheka. Chisilamu chitafala pakati pa Ayao, ambiri anausiya ukana n'kugwira thobwa ndi tiyi, ndipo mpaka lero pamadooko a Chilwa mupeza asodzi amene akatsika m'bwato amalunjika kokagula tiyi ndi mandasi. Tisawaiwale amenewa pokamba nkhaniyi.

Kenaka kumtunda kunabwera ludzu la mtundu wina. John Buchanan, amene anabwera ndi mishoni ya Blantyre, anadzala khofi ndi nzimbe m'mbali mwa Mulunguzi, ndipo ndiye anamanga nyumba ya nsanja ziwiri ija imene timaitcha Masongola. Mu 1891 Harry Johnston anasankha Zomba kukhala likulu la boma la atsamunda. Pasanathe zaka zambiri, mu 1896, azungu anali atakhazikitsa kale Gymkhana Club. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900 anathira nsomba za kwawo, za trout, m'mitsinje yozizira ya paphiri. Loweruka bwana ankakwera phiri kukawedza trout, kapena kutsikira ku Chilwa kukawombera abakha, atakhala pakati pa bwato wina akumukankhira ndi nsungwi. Awa ndiwo anali oyamba kuno kuyenda pamadzi mongosangalala. Madzulo ankabwerera ku kalabu kukamwa wisiki, jini ndi mowa wa m'mabotolo. Zakumwazo zinkayenda ulendo wautali: pasitima kufika ku Chinde, pa timasitima ta mumtsinje kukwera Zambezi ndi Shire, kenaka pamitu ya amtengatenga. Agogo athu anasenza mabokosi a mowa umene lamulo silinkawalola kulawa.

Inde, lamulo. Mu 1890 maiko a ku Ulaya anagwirizana ku Brussels zochepetsa malonda a mowa waukali m'chigawo chachikulu cha Africa, ndipo dziko lino linali mkati mwa chigawocho. Pamwamba pa mgwirizanowo boma la Nyasaland linaika malamulo ake, ndipo kwa zaka zambiri munthu wakuda sankaloledwa kugula mowa wachizungu. Khuku ankatsekula botolo, woperekera ankathira m'tambula, wotsuka ankatsuka tambulayo, koma onsewa akafuna kumwa ankatsikira kumidzi ya kuseri kwa tauni. Kalaliki wa ku Secretariat wovala tayi ndi msilikali wa King's African Rifles wa kukampu ankakumana pa mbiya imodzi. Atsamunda ankati akutiteteza. Zoona zake n'zakuti botolo linali mpanda, ndipo aliyense ankadziwa mbali imene waima.

Mpanda ukatalika, anthu amakumba pansi. Kachasu anafika kuno kudzera kwa Apwitikizi a m'chigwa cha Zambezi, ndipo ngakhale dzina lakelo ndi mphwake wa liwu lawo loti cachaça. Katchezedwe kake n'kosavuta kukamvetsa. Madeya ndi shuga zimanyikidwa m'madzi kwa masiku angapo mpaka zitawira. Kenaka amaziika pamoto mumphika kapena mumgolo wotsekedwa bwino, nthunzi n'kumadutsa mumpope. Mpopewo umapyola m'kamtengo kogoba ngati kabwato, kodzaza madzi ozizira, ndipo nthunzi ija ikazizira imadontha m'botolo. Oyamba kudontha ndiye mutu, wotentha ngati moto. Boma linamuletsa kachasu, apolisi ankaswa miphika, amayi ankalipitsidwa kukhoti kapena kukagona kundende, koma utsi sunaleke kufuka kuseri kwa nthochi. Chifukwa chake chinali ndalama. Msonkho wa nyumba unkafuna ndalama, sukulu inkafuna ndalama, amuna anali ku thangata kapena ku Joni. Mayi wotsala ndi ana analibe fakitale ina koma mbiya ndi mpope. Ophunzira ambiri a dziko lino, ena mpaka anakhala mabwana ku Capital Hill, fizi yawo inadontha kuchokera mumpope umenewo, kungoti sizilembedwa pa satifiketi.

Mu December 1946 phiri la Zomba linang'ambika ndi chimvula, miyala ndi mitengo zinatsika ndi madzi, milatho inapita, anthu anafa. Akuluakulu anati wadutsa Napolo, chinjoka cha pansi pa phiri chimene chimasamuka kupita kunyanja. Dzinali musaliiwale, tikumana nalonso kutsogoloku litavala malaya ena. Patangotha zaka zitatu, mu 1949, mvula inakana ndipo kunagwa njala imene agogo athu amaitchulabe motsitsa mawu. Pofuna kusunga chimanga, boma linaletsa kufulula mowa. Pamapepala zinali zanzeru. Koma wolemba mbiri Megan Vaughan, m'buku lake la 1987 lonena za njalayo m'dera la Blantyre, anaonetsa kuti amayi amene ankadalira mowa kuti apeze ndalama ndiwo ena mwa amene anavutika koposa, makamaka amene amuna awo anachoka osatumiza kanthu. Mbiya itazima, panalibenso chogulira chakudya.

Nthawi yomweyo amuna athu a kumigodi ndi kumafamu a ku Rhodesia ankaphunzira kamwedwe kena. Kumeneko makhonsolo a matauni anali ndi nyumba zawozawo zogulitsiramo masese, nzeru imene inayambira ku Durban: letsa amayi kufulula, fulula wekha, phindu lake uyendetsere malokeshoni. M'zaka za m'ma 1950, ku migodi ya kopa ya Northern Rhodesia, Max Heinrich anayamba kufulula masese pa makina. Akuti ankalemba kafululidwe kake m'buku, ndiye anthu anangoti mowa wa chibuku. Chibuku chitafika kuno chinapeza makasitomala okonzeka kale, matchona obwerera kwawo. Pakiti ya Chibuku ndi mbiya yaing'ono: mowa umapitiriza kuwira uli momwemo, n'chifukwa chake wa lero ndi wa mkucha salingana ukali, n'chifukwa chakenso umayamba wakhutchumula usanamwe. Kusiyana kwake n'kumodzi: ndalama imene inkatsala m'manja mwa mayi wa pamudzi tsopano inayamba kukwera lole kupita kutauni.

Tsopano tafika pa chaka chimene ine ndimachitcha mphambano ya nkhani yonseyi, 1968. Nkhani imene imakambidwa ndi yakuti nduna yoona zakunja ya dziko la Denmark, Per Hækkerup, itacheza kuno chapakati pa zaka za m'ma 1960, sinakondwe ndi mowa umene inapatsidwa, ndipo itabwerera inakanong'oneza a Carlsberg. Mu 1968 Carlsberg inatsekula fakitale ku Blantyre, yoyamba kunja kwa Denmark m'mbiri yonse ya kampaniyo. Anaitsekulira ndi Dr Kamuzu Banda, munthu amene ankadziwika kuti sakhudza mowa. Botolo lija linali mpanda tsopano linasanduka mbendera: Mmalawi womasuka, wa ntchito yake, akumwa mowa umodzimodzi ndi wa ku Copenhagen. Anthu sanavutike ndi mayina aatali. Anangoyang'ana mtundu wa pepala la pabotolo n'kumati Green, Brown. Mpaka lero mukalowa m'bala n'kunena kuti "Green mmodzi", palibe amene angakufunseni kuti wa kampani iti.

Chaka chomwecho cha 1968, makilomita 30 kuchokera pa mabala a Zomba pamene mabotolo atsopanowa ankaphulika zitsekerero, nyanja ya Chilwa inaphwa. Mabwato anagona pamatope ong'ambika. Nyanjayi ndi yosaya, malo ambiri munthu wamtali ndi nsungwi yake amafika pansi, choncho mvula ikavuta zaka ziwiri kapena zitatu zotsatizana dzuwa limamaliza yotsalayo. Akatswiri a Yunivesite ya Malawi, motsogozedwa ndi Margaret Kalk, anali akuifufuza nyanjayi nthawi imeneyo, ndipo buku lawo la 1979 linafotokoza mmene imafera ndi mmene imaukira. Matemba, makumba ndi milamba zimabisala m'maiwe a m'mitsinje monga Likangala ndi Domasi ndi m'madambo a m'mbali, ndipo madzi akabwerera zimaswana n'kudzazanso nyanja m'zaka zochepa. M'zaka zabwino Chilwa wakhala akupereka pafupifupi nsomba imodzi mwa zisanu zilizonse zogwidwa m'dziko muno. Ikaphwa nyanja, saferapo msodzi yekha. Amaferaponso wosema bwato, wowamba nsomba, wa njinga, ndi mayi wa mbiya amene kasitomala wake wamkulu anali msodzi uja.

Kumtunda moyo unkapitirira. Mu 1973 Chancellor College inasamukira ku Zomba, ku Chirunga. Mu 1975 likulu linasamukira ku Lilongwe, ngakhale nyumba ya malamulo inatsalira kuno mpaka m'zaka za m'ma 1990. Zomba inasanduka tauni ya aphunzitsi, ophunzira, asilikali, apolisi ndi akaidi. Gymkhana Club inatsekula zitseko kwa akuda a maphunziro awo. Wolandira bwino ankakwera Ku Chawe, kukhala pakhonde ndi Green wake, kuyang'ana Chilwa akung'anima kutali ngati lata ndi phiri la Mulanje chakumwera kwake. Kampani ya Press, imene inayamba ngati chuma cha Kamuzu, inadzakhala ndi gawo mu Carlsberg, ndiye kuti aliyense womwa ankaponyako kangachepe kumene sankadziwa. Akuluakulu amene ankamwa masiku amenewo amandiuza kuti luso lalikulu silinali kudziwa mowa wabwino, linali kudziwa amene wakhala naye pafupi. Pabala pankakhala Special wa m'botolo ndi Special wa makutu, ndipo wachiwiriyu ndiye ankaledzeretsa koopsa, pakuti ukamutsanulira mawu awiri okha unkadzuka uli kwina.

Pa 25 September 1987 apolisi anamupeza mlakatuli Jack Mapanje pa Gymkhana Club n'kumumanga. Anali mkulu wa dipatimenti ya Chingerezi pa Chancellor College, ndipo buku lake la ndakatulo, Of Chameleons and Gods, linali litachotsedwa kale m'masukulu ndi m'masitolo. Sanamuzenge mlandu. Anakamutsekera ku Mikuyu mpaka May 1991. Tsono onani mapu: ndende ya Mikuyu ili kuchigwa komwe kuja, njira ya ku Chilwa. Munthu anatengedwa pa tambula ya kumtunda n'kukaponyedwa kumunsi, kumene udzudzu wa m'dambo unkamuimbira usiku. Ife olemba ndakatulo a lero, amene timatukwana boma pabala mokweza mawu kenaka n'kukagona kunyumba kwathu, tizikumbukira kuti ufulu wolankhula uli ndi botolo m'manja unagulidwa, ndipo ena anaulipira ndi zaka za moyo wawo.

Ngakhale kugwa kwa ulamuliro umenewo kunadzera pabala. Anthu atavotera zipani zambiri pa 14 June 1993, mu December chaka chomwecho mkangano wa pamalo omwera ku Mzuzu unathera poti a Malawi Young Pioneers anawombera asilikali. Asilikali anayankha ndi Operation Bwezani, kulanda zida za apayoniya m'dziko lonse. Pofika May 1994 tinali ndi boma latsopano. M'zaka zimenezo pamsika wa masese panali dzina lina lopikisana ndi Chibuku, Napolo Ukana. Taonani nzeru za amalonda: anatenga chinjoka chimene chinagumula Zomba mu 1946, chomwe Steve Chimombo anachisandutsa ndakatulo, n'kuchiphatikiza ndi liwu la Chiyao la mowa, n'kuchitsekera m'pakiti. Nawo a Carlsberg anadzatulutsa Kuche Kuche, mowa wopepukirapo umene dzina lake likulonjeza kuti mumwa mpaka kuche. Koma chilengedwe sichivota. Mu 1995, demokalase ili ndi chaka chimodzi, Chilwa anaphwanso. Mu 1996 nyanjayi inalembedwa pa mndandanda wa Ramsar wa madambo ofunika padziko lonse, yoyamba m'Malawi, makamaka chifukwa cha mbalame zake zam'madzi.

Tsono tiyeni timuone bwinobwino munthu amene amaswera pamadzi zenizeni. Msodzi wa pa Chilwa nthawi zambiri sabwerera kumtunda madzulo. Amakhala m'chimbowera, kanyumba komangidwa pa udzu woyandama pakati pa nyanja, milungu ingapo osaponda dothi. Amaphika pomwepo, amawamba nsomba pomwepo, ndipo madzi akumwa ndi omwewo amene zonyansa zonse zimagweramo. N'chifukwa chake kolera sachedwa kubuka m'zimbowera, ndipo mu 2016 azaumoyo anachita kupalasa mabwato kukapereka katemera wa kolera kwa asodzi konko. Munthu wotereyu akatsika pa Kachulu, nsomba atagulitsa, m'thumba muli ndalama ya milungu itatu, pakhosi pali ludzu la milungu itatu. Amene amamudikirira pa dooko ndi ambiri: mwini khoka ndi ngongole yake, wa sitolo, wa bala, wa kachasu, ndi ena amene sitiwatchula m'nyuzipepala ya pabanja. Kunyumba nakonso akudikira. Amene ayambe kumugwira dzanja ndiye amadya thukuta lake. Ana angapo a kuchigwa asiya sukulu chifukwa fizi inathera pakati pa dooko ndi khomo la nyumba, mtunda wosakwana kuyenda mphindi khumi.

Zinafika poipa m'zaka za masacheti. Timapepala tapulasitiki ta mowa waukali tinkagulitsidwa mtengo wa switi, tinkalowa m'thumba la malaya, m'chikwama cha mwana wasukulu, ndi pansi pa mpando wa bwato. Mbiya sungakwere nayo m'bwato, pakiti ya Chibuku imaoneka, koma sacheti inkabisika m'chikhatho. Boma linaletsa masacheti mu 2015, makampani anathamangira kukhoti, ndipo pamapeto pake mowa womwewo unangosamukira m'timabotolo tating'ono. Mu 2016 Carlsberg inagulitsa gawo lake lalikulu la kampani ya kuno kwa Castel ya ku France, ndipo Green anapitiriza kufululidwa ku Blantyre pansi pa mwini watsopano. Mu 2018 Chilwa anaphwanso kwambiri. Chaka chimenecho ndinapita ku Kachulu ndi kabuku kanga. Anthu ankapita ku chilumba cha Chisi wapansi ndi panjinga, pamene kale pankafunika bwato. Mabala ambiri anali otseka, mafiriji atazima. Amene ndinawapeza akugulitsabe anali amayi a kachasu, pakuti munthu wopanda chochita ndi wopanda chiyembekezo amafuna chotsika mtengo chimene chimagwira msanga.

Pali chingwe china chimene chimamanga botolo ndi nyanja, ndipo sitikonda kuchiona. Kutcheza kachasu kumadya nkhuni. Kufulula masese kumadya nkhuni. Kuwamba matemba kumadya nkhuni. Tauni ya Zomba imaphikira makala. Mitengo yonseyi imachokera m'mapiri a Zomba ndi Malosa ndi m'mbali mwa mitsinje yomwe ija imadyetsa Chilwa. Phiri likavulidwa, mvula imakokolola dothi, dothi limatsika ndi Likangala, Domasi, Thondwe ndi Phalombe n'kukakhala pansi pa nyanja yosaya kale. Akuluakulu anati madzi saiwala khwawa, ndipo n'zoona, pambuyo pa namondwe Freddy mu March 2023 nyanja inadzaza mpaka kulowa m'midzi. Koma khwawa likakwiririka, madziwo akabwera amasefukira m'nyumba za anthu, akapita amapita msanga. Damu la Mulunguzi, limene linamalizidwa cha m'ma 2000 ndipo limamwetsa tauni yonse, nalonso moyo wake uli pa mitengo yomweyo.

Nanga funso lija, mowa woyenera ndi uti? Popeza ndalemba zonsezi, ndiyenera kuponya voti yanga poyera. Kwa mlendo amene watopa ndi kusewera, amene thukuta lake ndi lachisangalalo, Green wozizira pakhonde la Ku Chawe alibe mnzake, ndipo ngati akufuna kuti miyendo imutsitse bwino phiri asankhe Kuche Kuche, Special amusiyire amene wafika kale pakhomo. Koma adziwe kuti chimera cha balere ndi zokometsera za m'botolomo zimachokera kunja, ndipo gawo la ndalama yake limatsatira njira yomweyo. Kwa munthu amene wakankha bwato ndi nsungwi kuyambira mbandakucha, ine ndimavotera masese. Ukali wake ndi wochepa, ndipo ndi phala, amalowa m'mimba ngati chakudya. Koposa apo, ndalama yake imatsala pamudzi, imakagula sopo ndi makope a ana. Amene chipembedzo kapena thupi silimulola, thobwa lozizira la mumtsuko limachita zonsezi popanda mutu kuwawa mawa lake. Ndipo onsewa ayambe amwa madzi abwino, chifukwa thupi louma ndi dzuwa limaledzera msanga.

Kachasu ndi abale ake a m'timabotolo ndilibe nawo voti pafupi ndi madzi. Ukali wa kachasu palibe amene amauyeza, botolo la lero ndi la mawa ndi anthu awiri osiyana. Mwera ukauka pa Chilwa, nyanja yosayayo imachita mafunde aafupi okwiya, ndipo bwato lodzaza anthu, matumba a ufa ndi njinga silikhululukira woyendetsa amene maso ake akuona pawiri. Mabwato ambiri alibe zovala zoyandamitsa. Phukusi la moyo sakusungira ndi mnzako, komatu m'bwato moyo wa anthu makumi awiri umakhala m'phukusi la munthu mmodzi. Lamulo limene asodzi akale ankalidziwa popanda kulilemba ndi loti mowa umabwera bwato litakokeredwa kumtunda, nkhafi zitasungidwa. Makomiti a m'madooko, amene amatha kuletsa khoka nyengo yoswana nsomba, angathenso kuletsa woyendetsa woledzera kunyamula anthu opita ku Chisi.

Pomaliza ndili ndi pempho kwa a khonsolo ya Zomba ndi aphungu athu. Kwa zaka zoposa 100 boma lililonse, la atsamunda, la chipani chimodzi, la zipani zambiri, lakhala likugwadira mowa wa m'botolo n'kumathamangitsa mayi wa mbiya, ndipo mayiyo sanathe. Bwanji tsono osamuwerengera ngati wamalonda? Alembedwe, aphunzitsidwe za ukhondo wa madzi ndi ziwiya, athandizidwe mbaula zosadya nkhuni zambiri, apatsidwe mbande kuti gulu lililonse la ofulula likhale ndi nkhalango yakeyake m'mbali mwa Likangala. Nawo makampani a mowa, amene malole awo amatsika ku Kachulu nyanja ikadzaza n'kusowa ikaphwa, aikeko kanthu pa mitengo ya paphiri ndi pa zovala zoyandamitsa za m'mabwato. Ngati zimenezi zikumveka zodula, akawerengere mtengo wa mabala amene anatseka mu 2018. Tikapanda kutero, adzukulu athu adzakhala pakhonde la Ku Chawe, Green ali m'manja, n'kumaloza chigwa cha fumbi kum'mawa, wina akuwafotokozera kuti pamene paja kale pankayenda mabwato.